Buleki ikamachucha

Buleki ya waya siidziwa kubisa matenda ake. Ikavuta umangowerama n'kuona kuti waya watambasuka kapena wayamba kuthothoka, labala wadyeka, kapena kanati kamasuka. Ambirife tinakulira pa njinga zimene chilichonse chinali poyera, monga Humber ndi Phoenix za madala athu zomwe mabuleki ake ankayendera tindodo tachitsulo, ndipo mnyamata wa sitandade 5 wokhala ndi sipanala imodzi ndi pulayala ankatha kuzibwezera pamsewu. Buleki ya mafuta, imene masiku ano ili pa njinga zambiri zokwerera m'mapiri, ndi yamtundu wina. Ntchito yake yonse imachitikira m'kati, m'kapaipi konenepa mamilimita 5 okha, ndipo ikadwala siinena pamene pakupweteka. Imangolira.

Kulirako ndiko kumayamba nthawi zambiri. Ukafinya chogwirira, gudumu limakuwa mpaka agalu a m'mudzi kudzuka, koma njinga siiima msanga. Chogwiriracho chikhoza kukhala cholimba bwinobwino m'dzanja, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amasochera, n'kumati buleki ili bwino, lavuta ndi phokoso lokha. Chomwe chachitika n'chakuti kadontho ka mafuta kafika pa mapadi, ndipo padi yomwa mafuta imatsetsereka pa chimbale cha pagudumu m'malo mochigwira. Pakapita masiku, mafuta akachepa m'kathanki ka pachogwirira, mpweya umalowa, chogwirira chimafewa n'kuyamba kufika pa handulo. Komabe chogwirira chofewa si umboni wakuti penapake pakudontha. Mpweya ukhoza kukhala kuti unatsalira m'kati tsiku limene ankathira mafuta. Komanso mapadi akadyeka kwambiri, mapisitoni amatuluka motalikirapo, ndipo mafuta m'kathanki amatsika popanda dontho ndi limodzi lomwe lotayika. Matenda atatu osiyana amabwera ndi nkhope imodzi.

Kuti munthu awasiyanitse ayenera kudziwako zimene zili m'katimo. M'chogwirira muli pisitoni yaing'ono. Ukafinya, imatseka kabowo kopita kukathanki n'kukankha mafuta m'kapaipi mpaka kumunsi, ku caliper, kachitsulo kamene kamakumbatira chimbale. Kumeneko kuli mapisitoni okulirapo, awiri kapena anayi, amene amakankha mapadi. Mafuta sapanikizika, n'chifukwa chake chogwirira chimalimba. Mpweya umapanikizika, n'chifukwa chake kathovu kamodzi kokha kamafewetsa buleki yonse. Lamulo lake analilongosola Blaise Pascal wa ku France, m'buku limene linatuluka mu 1663, mwiniwake atamwalira chaka cham'mbuyo: ukapanikiza madzi otsekeredwa, kupanikizako kumafika ponseponse mofanana. Ndiye chala chimodzi pa pisitoni yaing'ono chimatha kuimitsa munthu wa makilogalamu 80 pamtsetse. Koma lamuloli lili ndi mbali ina imene sitiikumbukira kawirikawiri. Ngati mphamvu ikufika ponseponse, ikufikanso pa kamng'alu kalikonse ndi pa nati iliyonse yosamangika bwino. Nthawi iliyonse imene wafinya, buleki imafufuza yokha malo ake ofooka.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi kamphete ka labala kozungulira pisitoni iliyonse ya caliper. M'menemo mulibe sipuling'i yobweza pisitoni. Kasipuling'i kamene umakaona pakati pa mapadi ntchito yake n'kungowatalikitsa kuti asamagwedere. Chobweza pisitoni ndi kamphete. Si kobulungira ayi, anakadula ka ngodya zinayi, ndipo pisitoni ikamatuluka kamapindika nayo pang'ono. Ukasiya chogwirira kamawongoka n'kuikokera m'mbuyo kagawo kochepa ka milimita, kongokwanira kuti chimbale chizungulire osakhula. Mapadi akamadyeka, pisitoni imatsetsereka m'kampheteko n'kukakhala pamalo atsopano, motero buleki imadzikonza yokha popanda wina kupotokola nati. Kalabala kamodzi kakutseka mafuta, kakubweza pisitoni, kakulondolanso kudyeka kwa mapadi. Amene anakaganiza anali ndi mutu. Koma zikutanthauzanso kuti kamchenga kamodzi kakakanda kalabala kameneka, buleki yonse yagwa mphwayi.

Njinga yanga ndinaigula yogwirapo kale ntchito, imodzi mwa zija zimabwera m'makontena, ndipo ndimaisunga chifukwa cha msewu umodzi, wokwera phiri la Zomba kupita ku Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi. Kukwera n'kwa miyendo ndi mapapo. Kutsika n'kwa mabuleki okhaokha: makhota otsatizana, magalimoto okwera amene sawoneka mpaka atafika, ndi anthu otsika ndi nkhuni pamutu kapena pa njinga. Buleki yakutsogolo inayamba kulira nyengo ya fumbi itafika pachimake. Pa caliper panali phala lakuda la fumbi lonata, ndipo fumbi silimata pa chitsulo chouma.

Maganizo oyamba a munthu aliyense pamenepa ndi kuwonjezera mafuta, kutulutsa mpweya, kuika mapadi atsopano n'kunyamuka. Buleki imagwiradi bwino kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako mapadi atsopano aja nawonso amamwa mafuta, ndipo ndalama yapita. Vuto la kudontha n'lofanana ndi la denga la malata: pamene dontho likugwera pa mphasa si pamene pali bowo, chifukwa madzi amayamba atsata phaso kaye asanagwe. Mafuta nawo amatsika motsata kapaipi, mphepo n'kuwakankhira m'mbuyo, fumbi n'kuwamwaza. Ukhoza kupeza caliper yonyowa pamene bowo lili kumwamba pachogwirira. Nthawi zina mafutawo sakhala a buleki n'komwe. Foloko yakutsogolo ya njinga zimenezi ili ndi mafuta akeake, ndipo labala wake akatopa, mafuta amatsika ndi mwendo wa foloko n'kukafika pa caliper penipeni. Kumbuyo, wolakwa kawirikawiri amakhala oyilo wa tcheni, makamaka wopopera. Palinso timafuta timene timatsalira m'kamlomo kotulutsira mpweya ngati amene anagwirapo ntchito sanapukute. Timatuluka pang'onopang'ono n'kumaoneka ngati kudontha pamene buleki ili bwinobwino.

Choncho ntchito yeniyeni yoyamba ndi kutsuka, ndipo ndi ntchito imene munthu wofulumira amaiona ngati kutaya nthawi. Umachotsa gudumu, umachotsa mapadi n'kuwaika kutali. Umatsuka chilichonse kuyambira pachogwirira mpaka pa caliper ndi sipiriti wa isopropyl, kapena madzi a sopo ngati sipiritiyo palibe, n'kudikira kuti ziume gwa. Pakati pa mapisitoni umaikapo kachipika ka pulasitiki kapena kathabwa kosema bwino, chifukwa ukafinya chogwirira popanda choletsa, pisitoni imatuluka yonse ndipo mafuta amakhuthukira pansi. Kenako umakulunga kapepala kofewa koyera pamalo aliwonse okayikitsa, ndipo ena amawaza paudala wa ana kuti chinyezi chioneke msanga. Ukatero umafinya chogwirira n'kuchimanga ku handulo ndi mphira ya chubu, n'kukagona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudontha kwina n'kochepa kwambiri moti sungakuone uli chiimire. Kumafuna usiku wathunthu mafuta ali opanikizidwa.

M'mawa umayendera mapepala aja kuchokera kumwamba. Pa chivundikiro cha kathanki pali kalabala kopyapyala kamene kamafutukuka ndi kufota mafuta akamasintha. Kakang'ambika, kapena ngati mafuta anathiridwa opyola muyezo, pamanyowa. Kumene chogwirira chimakankha pisitoni yaing'ono kukanyowa, ndiye kuti labala wa m'kati watha. Pali kudontha kwina kumene sikutulutsa kanthu kunja: ukafinya mosalekeza, chogwirira chimamira pang'onopang'ono mpaka pa handulo, chifukwa mafuta akuzemba pisitoni n'kubwerera m'kathanki. Kenako pali nati yolumikiza kapaipi, yobisika pansi pa kachipewa ka labala kamene ambiri sakumbukira kukavundukula. Kapaipi kenikeniko umakasisita ndi chala, makamaka pamene kamakhula felemu kapena pamene kanapindika njinga itagwa. Kumunsi kuli bawuti yolumikizira kapaipi ku caliper, ndi timphete take tiwiri. Kuli kamlomo kotulutsira mpweya. Ndipo pa ma caliper opangidwa ndi zidutswa ziwiri, kuli mzere umene zidutswazo zakumana. Malo onsewa ndi nkhani yabwino ukawapeza onyowa, chifukwa ambiri amathera pa kumanga nati kapena kusintha kamphete kotchipa.

Kwa ine mapepala onse anali ouma kupatulapo kamodzi, kamene ndinakapinda n'kukalowetsa pakati pa kachipika ndi pisitoni ya mbali ya masipoko. Kanali ndi banga lozungulira. Nditaitulutsa pang'ono pisitoniyo n'kuiwunika ndi tochi ya foni, ndinaona kamzera kowonda kokandika m'mbali mwake. Momwe timizera timeneti timabwerera n'zodziwika. Mapadi akadyeka, pisitoni imakhala kunja motalika, ndipo fumbi la msewu ndi la mapadi limaumirira m'mbali mwake. Wosintha mapadi akabwera, amangoikankhira m'kati ndi litsiro lomwelo, nthawi zambiri ndi sikuludiraiva, ndipo mchenga umadutsa pa kamphete kaja. Mabuleki ena ali ndi mapisitoni a ceramic, amene amateteza mafuta ku kutentha koma amasweka ukawakankha mopendekera ndi chitsulo. Kupukuta pisitoni ndi kansalu usanaibweze ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma ndani amaiona? Palibe kasitomala amene amalipira ntchito yosaoneka.

Ndinapita nayo caliper kwa madala ena amene amakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Ndi munthu amene ndimamulemekeza. Ndinamuonapo akuwongola limu lopindika ndi maso okha, akupotokola sipoko iliyonse mpaka gudumu kuyenda mowongoka. Anaitembenuza m'manja, n'kununkhiza.

"Musavutike, bwana. Fuluwidi wa galimoto ali pa filing'i pomwepa, kabotolo kakang'ono. Tithiramo, tichotsa mpweya, mukwera lero lomwe."

"Ayi madala, iyi imamwa mtundu wina."

"Buleki ndi buleki, bwana wanga."

Sanalakwitse zonse. Mabuleki ena a njinga amamwadi fuluwidi wa galimoto, wotchedwa DOT potengera dzina la unduna wa zamtengatenga wa ku America umene unaika miyezo yake. A Hope, ndi ambiri a Hayes, Avid ndi SRAM amene timawapeza pa njinga za m'makontena ndi otero, ngakhale SRAM masiku ano yayamba kupanganso omwa mafuta a mineral. Koma a Shimano, Magura ndi Tektro amamwa mafuta a mineral, ndipo pachivundikiro cha kathanki amalembapo. Kusiyanaku kwagona pa labala. Timphete ta buleki ya DOT ndi ta labala wa EPDM, pamene ta buleki ya mineral kawirikawiri ndi ta nitrile, ndipo labala aliyense amawonongeka akakumana ndi mafuta a mnzake: amatupa, kapena amafewa, kapena amauma. Ukasakaniza, buleki imagwira lero ndi mawa, kenako timphete tonse, ta pachogwirira ndi ta ku caliper, timafa limodzi. Unali ndi bowo limodzi, tsopano ulibe buleki.

Mitundu iwiriyi ili ndi makhalidwe osiyana ikakumana ndi madzi. DOT amamwa chinyezi cha mumpweya. Wa DOT 4 akakhala watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi muyezo wake umatsika kufika pa 155; wa DOT 5.1 amachoka pa 260 kufika pa 180. N'chifukwa chake botolo lotsegula kalekale lili pa shelefu silodalirika. DOT amasupulanso penti. Ndipo DOT 5, yopanda kadontho ndi 1, ndi ya silicone, siiyenera kulowa m'mabuleki amenewa ngakhale dzina likufanana. Mafuta a mineral samwa madzi, zimene zimamveka ngati ubwino wokhawokha, koma madzi akalowa amatsikira pansi penipeni, ku caliper, kumene kumatentha kwambiri, ndipo amawira pa madigiri 100, paphiri asanafike n'komwe pamenepo. Nthunzi imapanikizika mofanana ndi mpweya. Munthu amene wakhala akufinya buleki kuchokera ku Ku Chawe akhoza kungomva chogwirira chagwera pa handulo pakhota lachisanu. Ndamvapo anthu akuthira mafuta ophikira, a makina osokera, ngakhale odzoza ana. Ena amati zinawayendera. Pamsewu wa thyathyathya mwina n'zoona, koma ine khosi langa sindingalipereke kwa mafuta okazingira chipisi.

Apa m'pamene buleki imeneyi imalimbana ndi chibadwa chathu. Ife tinaphunzira kuti chinthu sichitayidwa. Chubu chimamatidwa mpaka zigamba kuchuluka kuposa chubucho, tcheni chimadulidwa n'kulumikizidwa, pedulo yothyoka imasanduka kachitsulo kokha ndipo munthu amapalasabe. Luso limeneli ndi limene layendetsa njinga za dziko lino, ndipo sindilinyoza. Koma buleki ya mafuta ili ndi zinthu zimene zimakana kukonzedwa. Mapadi ali ndi timabowo tosaoneka, ndipo mafuta amalowa mpaka pansi. Anthu amawakwecha ndi sandipepala, amawawiritsa, amawaotcha pa mbaula mpaka utsi kusiya. Pamwamba pamayera, koma akatentha pamtsetse mafuta a m'kati amakweranso, ndipo moto ukhoza kufooketsa guluu amene amamata padi ku kachitsulo kake. Chimbale chokha ndicho chimatsukika, malinga sichinapyapyale kupyola muyezo wolembedwa pomwepo; pa zimbale za Shimano muyezowo ndi mamilimita 1.5. Palinso kamphete kamkuwa kamene m'masitolo amati olive, kamene kamaphwanyika dala ukamamanga nati kuti kagwire kapaipi. Kamagwira ntchito kamodzi kokha. Mtengo wake ndi wochepa, koma ngati kulibe m'tauni mwanu, njinga yonse imagona chifukwa cha kamkuwa kosafika ndi nsawawa yomwe.

Makampani ena, monga Hope ndi SRAM, amagulitsa timphete ndi mapisitoni paokha kuti munthu amangenso caliper yake. Ena sagulitsa, amati ugule yathunthu. Yanga inali ya gulu lachiwirili. Zinandiwawa kuika pambali chitsulo chabwinobwino chifukwa cha kamzera kamene chikhadabo chimachita kuvutika kukapeza, ndipo mpaka pano ndimaona kuti wopanga chinthu chimene moyo wa munthu umadalira ayenera kugulitsanso tizidutswa take. Koma mkwiyo sutseka bowo. Ndinatuma m'bale amene amabwera kuchokera ku Johannesburg kuti andigulire caliper, mapadi, botolo la mafuta oyenera, ndi timikuwa tija tambirimbiri.

Kumangako sikunali kovuta, kungofuna manja oyera. Kapaipi umakadula mowongoka ndi mpeni wakuthwa, osati ndi pulayala imene imakaphwatalitsa. Kumapeto kwake kumalowa kachitsulo koboola, ndipo napo pali msampha: mapaipi a Shimano a BH59 ndi BH90 kunja ndi ofanana, koma bowo la m'kati n'losiyana, ndiye kachitsulo ka wina kakalowa mwa mnzake pamachucha. Nati yake imafuna mphamvu yapakatikati, Shimano amati 5 mpaka 7 Nm. Ukamanga ndi mphamvu zonse za mkono, monga timachitira ndi nati ya gudumu, umaswa ulusi wa chogwirira. Potulutsa mpweya umakankha mafuta ndi sirinji kuchokera kumunsi kupita kumwamba, uku ukugogoda kapaipi ndi caliper kuti timathovu tobisala tinyamuke, mapadi ali kutali ndithu. Ukapukuta zonse umamanganso chogwirira ndi mphira usiku wina, ndi mapepala atsopano. Mapadi atsopano nawo sagwira mokwanira mpaka utawazoloweretsa chimbale: umathamanga pang'ono, umafinya mwamphamvu osaimiratu, n'kubwereza kambirimbiri pamsewu wopanda anthu.

Mnzanga akandifunsa ngati agule njinga ya mabuleki a mafuta, sindiyamba ndi kuyamikira. Ndimamufunsa kumene amakhala ndi kumene akapalase. Anyamata a kabaza amene amanyamula anthu ndi matumba tsiku lonse safuna buleki imene ikhoza kugona mwezi kudikira kamkuwa. Amene anapanga njinga za Buffalo, zomwe keriyala yake imasenza makilogalamu 100, anasankha buleki yopondera m'mbuyo, yotsekeredwa m'habu, ndipo anadziwa misewu imene ankaipangira. Palinso mabuleki a chimbale oyendera waya, amene sagwira mwamphamvu ngati a mafuta koma waya wake umapezeka pamsika uliwonse. Kwa munthu wokhala kutali ndi Blantyre kapena Lilongwe, amenewo ndi anzeru. Ine ndatsalira pa a mafuta chifukwa cha mtsetse uja wokha. Ndi buleki ya waya, pofika kumunsi mikono imakhala itachita dzanzi, zala zinayi zili pa chogwirira ndipo handulo wagwira ndi chala chachikulu chokha. Ndi ya mafuta, chala chimodzi chimakwanira, zinazo zimawongolera njinga, ndipo pakhota la miyala kusiyana kumeneko si kwa manyado.

Caliper yakale ija madala aja anaipempha. Akuti asalaza kamzerako ndi sandipepala wosalala kwambiri, ndipo kamphete akakafuna kwa okonza njinga zamoto, sikangasowe. Sindinawatsutse, chifukwa ndaonapo manja awo akudzutsa zinthu zimene ine ndinali nditaziika kale m'manda. Ndinawapatsa pamodzi ndi mafuta otsala m'botolo, kuti asakathiremo a pa filing'i. Ndinangowapempha kuti akaimanga, aimange ku gudumu lakumbuyo, ndipo woikwerayo ayambe waiyesa kumunsi kuno asanapite nayo kuphiri.